Ola Limodzi pa Chipata cha Gudumu Lalikulu

Kwa Mkulu Woona za Chimwemwe cha Alendo,
Paki ya Zisangalalo ya Wonderveen.

Olemekezeka Bwana,

Pepani kuti ndakulemberani tisanapangane nthawi. Ndinafufuza pafoni ngati pali chiphaso cholembera kalata kwa munthu wamkulu ngati inu, koma sindinachipeze, ndiye ndangolimba mtima. Ngati kalatayi yafulumira, iikeni pambali idikire. Ngati yachedwa, mukudziwa kale chochita nayo.

Dzina langa ndine Lammert Brinkhuis, ndili ndi zaka 74. Kwa zaka 31 ndinali woyang'anira mlatho wa pangalande ya kwathu, uja umatukulidwa kuti mabwato adutse. Ndatchula ntchitoyi kuti musandiyese mdani wa wotchi. Ine ndi wotchi takalamba limodzi. Mchemwali wanga weniweni akafuna kudzamwa khofi kwathu amanena kudakali milungu itatu, timamulemba pakalendala ya kukhitchini, ndipo palibe amadandaula. Choncho nditamva kuti ku paki kwanu anthu saimanso pamzere, koma aliyense amalandira pafoni kachiphaso konena mphindi yoti akasangalale, ndinati eya, dziko lakhwima tsopano. Chimwemwe chokha ndicho chinatsala chikungotulukira pakhomo chosaodira, ndipo mwachita bwino kuchiphunzitsa mwambo.

Ndikuuzeni chimene tinabwerera kwanu, kuti mudziwe kukula kwa kuthokoza kwanga. Mkazi wanga Roelie maso ake akuzima. Dokotala anatiuza mu Seputembala, mosapita m'mbali, kuti pofika Epulo azidzangosiyanitsa usana ndi usiku basi. Nthawi imeneyo ankaonabe, koma pokhapokha kunja kukawala bwino. Kukangoyamba chisisira, ankandigwira mkono. Ndinamufunsa chimene akufuna kuona maso asanatseke, ndikuyembekezera kuti atchula mizinda yakutali, ndiyambe kusaka masutikesi. Iye anati akufuna kukwera Gudumu Lalikulu la ku Wonderveen, lija limakweza anthu m'mwamba ali m'tizipinda, aone Oldewier, mudzi umene anabadwira: nsanja ya tchalitchi, khoma lotchinga nyanja, ndi nyanjayo kuseri kwake, zonse pamodzi. Inu mukudziwa kuti kuno kulibe phiri. M'chigawo chonse chino, malo okha amene gogo wa mawondo ovuta angaonere mudzi wake ali pamwamba ndi gudumu lanulo.

Mwezi wonse wa Okutobala kunali mvula ndi nkhungu. A zanyengo ananena kuti kudzawala Lamlungu lomaliza la mweziwo, lomwenso linali tsiku lomaliza paki yanu isanatseke mpaka Epulo. Mwana wathu Marit anatikonzera zonse pafoni yanga: anthu awiri, Gudumu Lalikulu, kuyambira 3:20 mpaka 3:35 masana. Tinanyamula buledi wa tchizi ndi fulasiki ya khofi, tinakwera sitima ya m'mawa, ndipo kunjaku kunawaladi, thambo loti mbee. Tsopano ndiloleni ndithokoze mwadongosolo.

1. Ndikuthokoza kuti munathetsa mizere. Kale munthu ankaima ola lathunthu pakati pa anthu osawadziwa, n'kumacheza nawo za mvula, mwinanso kugawana maswiti. Tsopano aliyense amayenda ndawala, maso pafoni, kuthamangira mphindi yake. Ndinaona bambo wina akukoka mwana wake wamkazi pa timahatchi tozungulira tija, mwanayo akulira kuti akufuna kukweranso. Bamboyo anati, "Lira mwachangu, pa 2:05 tikuyenera kukasangalala kwina." Ndinamva bwino mumtima kuona ana akuphunzira moyo adakali aang'ono.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha chipata cha pa Gudumu Lalikulu, ndipo apa ndichulutsa mawu pang'ono.

Lamlungu lomaliza la Okutobala, monga mukudziwa, ndi tsiku limene dziko lathu lonse limabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi, kulowa nthawi ya m'nyengo yozizira. Ine ndinadzuka n'kubweza mawotchi asanu ndi awiri a m'nyumba mwanga, kuphatikizapo ya pachitofu imene imafuna kuipembedza. Foni inadzibweza yokha. Sitima inabweza. Tchalitchi chinabweza. M'dziko lonse lino, chipata chanu chokha ndicho chinakana kutengeka ndi gulu. N'chipata cha mfundo zake, ndipo masiku ano zoterezi n'zosowa.

Tinafika 3:15, n'kuima pambali mphindi zisanu, chifukwa sitinaleredwe kulowa pakhomo pa eni nthawi isanakwane. Itakwana 3:20 ndinagunditsa foni pachipata. Chinayaka kofiira n'kulira ngati tsekwe wopondedwa. Panali mayi wina wa zovala za paki, pachifuwa pake polembedwa kuti Saskia.

"Pepani bambo, nthawi yanu inadutsa," anatero mayiyo.

"Inadutsa liti, mayi? Taonani wotchi yangayi."

"Ndikuiona. Yanganso ikuti 3:20. Koma chipatachi chikuti 4:20."

"Ndiye wolakwa ndani?"

"Ine sindinati mwalakwa, bambo. Ndangoti mwachedwa."

Roelie anandikoka jekete. "Chisiye, Lammert. Chipatachi n'chachibale chako, nachonso sichivomera kuti chalakwa."

Ndinaona kiyi atalendewera m'khosi mwa mayi Saskia, ndipo ndinafunsa mwaulemu ngati kiyiyo amatsegula chipata. Anati amatsegula, koma moto ukabuka. Ndinayang'ana uku ndi uku, moto kunalibe. Anafotokozanso kuti chiyambire m'mawa akubweza anthu chomwechi, kuti anaimbira kale akuluakulu kanayi, ndipo akuluakuluwo anati nkhaniyo ikuonedwa.

Bwana, mukanaona zimene ndinaona pamenepo, mukananyadira ntchito yanu. Anthu a 3:20 ankabwezedwa chifukwa achedwa. Anthu a 4:20, amene chipata chinkawayembekezera, anali asanabwere chifukwa nthawi yawo inali isanakwane. Ndiye gudumu linkangozungulira lokha padzuwa, tizipinda take tikukwera n'kutsika mopanda anthu. Ndinatiwerenga, tinalipo 24, ndipo anthu anali m'tiwiri tokha. Panalibe kukankhana, panalibe phokoso, panalibe wotaya zinyalala. Sindinaonepo gudumu laukhondo chotero.

Pamenepo ndinakumbukira machimo anga a kumlatho. Bwato la mchenga likachedwa ndi mphindi ziwiri, ine ndinkasiya mlatho uli m'mwamba n'kulidikira, magalimoto akuliza mahutala kumbuyoku. Ndinkati munthu wasenza katundu wolemera, madzi akumukankha, mphindi ziwiri sizipha munthu. Kiyi ndinali naye, ndipo ndinkamugwiritsa ntchito popanda moto uliwonse. Zaka 31 ndikuchita zimenezi, n'kumadzitcha munthu wosunga nthawi. Ndachita manyazi.

3. Ndikuthokoza chifukwa cha Ofesi ya Chimwemwe, kumene mayi Saskia anatitumiza. Ndi kanyumba kokongola, ka mawindo aakulu, ndipo mkati munalibe mlendo ngakhale mmodzi. Munali bambo mmodzi yekha kuseri kwa tebulo, akudya apulo. Pachitseko panalembedwa kuti wofuna kudandaula atenge kaye chiphaso cha nthawi pafoni. Ndinatenga, chinati 4:05. Tinakhala pabenchi yoyang'anizana ndi windo kwa theka la ola, ife tikumuona iye, iye akutiona ife. Tinadya buledi wathu wa tchizi. Iye anamaliza apulo, n'kupukuta tebulo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tinadekhadi, kungoti dzuwa silinadekhe nafe. Roelie ankangondifunsa kuti lafika pati, ine n'kumati likadali pamwamba pa mitengo.

Itakwana 4:05 chitseko chinatseguka chokha. Bamboyo, dzina lake Wouter, anaimirira n'kumwetulira mano onse.

"Takulandirani! Mwasangalala bwanji lero?"

Ndinamufotokozera zonse. Anamvetsera bwino, mutu uli pambali, ndipo ndikupempha kuti amene anamuphunzitsa kupendeketsa mutu chotero mumukweze pantchito. Anagogoda pakompyuta nthawi yaitali, n'kutiuza kuti tili ndi mwayi, kwatsala mpata umodzi wokha wa anthu awiri: 5:40.

"Dzuwa likulowa 5:15," ndinatero.

"Dzuwa si la ofesi ino, bambo. Komatu madzulo ndiye gudumu limakongola zedi, limayaka magetsi amitundumitundu."

"Limakongolera amene ali pansi, mwanawe," anatero Roelie.

Apa ndinachita chinthu chimene sindikonda, Bwana. Ndinauza munthu wachilendo za m'nyumba mwanga. Ndinati mkazi wangayu akuchita khungu, mumdima saona chilichonse, ndipo Epulo akadzafika dzuwa silidzamuthandizanso. Ndinati gudumu likuzungulira lopanda anthu panopa, likuoneka pawindo panupa, ndipo sitikupempha kudumpha mzere chifukwa mzere kulibe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndiye ndinapempha ndithu, chipewa chili m'manja.

Bambo Wouter anakhudzidwa, ndinaona. Anatsegula kabati n'kutulutsa fomu. Anati paki yanu imasamala kwambiri anthu olumala, ndipo pali chiphaso chapadera cholowera nthawi iliyonse, bola munthu atumize fomuyo pamodzi ndi kalata ya dokotala kudakali masiku khumi ndi anayi. Anatipatsa fomu, ndi cholembera cha chithunzi cha gudumu, n'kunena kuti cholemberacho tisabweze. Ndinaphunzirapo kuti munthu wofuna kuchita khungu ayenera kudziwitsa paki pasadakhale. Cholembera chija ndicho ndikulembera kalatayi, ndipo chimalemba bwino.

4. Ndikuthokoza chifukwa cha changu cha amakaniko anu.

Titatuluka mu ofesi muja, nzeru inandibwerera, ndipo ndinaseka ndekha. Ndinati ngati chipata chili patsogolo ndi ola limodzi, ndiye kuti 5:40 ya chipata ndi 4:40 ya ife anthu. Pa 4:40 dzuwa limakhala likadalipo, lofiira koma lokwanira.

"Roelie, tachipeza," ndinatero. "Tichinamiza ndi bodza lake lomwe."

"Ndimadziwa kuti sindinakwatiwe ndi nkhope yokha," anatero iye.

Ndi mawu okoma kwambiri amene anandiuzapo chiyambire ukwati wa Marit. Tinayenda msanga, iye atandigwira mkono, fulasiki ikugunda m'thumba. Pa 4:40 ndinagunditsa foni pachipata ndi mtima wonse. Chinayaka kofiira.

Mayi Saskia sanandiyang'ane kumaso. "Mwafulumira, bambo. Ndi ola lathunthu."

"Si chija chinali patsogolo?"

"Anabwera makaniko, wachikonza pa 4:30."

Kuthamanga si kufika, Bwana. Chipata chinakhala chikulakwa kuyambira m'mawa, ndipo anthu anu anachikonza kutatsala mphindi khumi kuti kulakwa kwake kuthandize munthu. Amakaniko otere musawataye.

Mayi Saskia anagwira kiyi uja m'khosi, n'kumusiya, n'kumugwiranso. Kenako ananong'ona kuti, "Ndikanakulowetsani, bambo, Mulungu akudziwa. Koma chipatachi chimawerenga aliyense wodutsa, ndipo madzulo amandifunsa. Mnzanga anachotsedwa mu Ogasiti pa nkhani ngati yomweyi." Ndinamuuza kuti ndamva, ndipo ndinamvadi. Analowa m'kanyumba kake n'kutulutsa mpando wake womwe, kuti Roelie akhalepo. Ndikudziwa kuti mpandowo unatuluka popanda chiphaso. Ndikupempha kuti mlandu umenewu muulembe pa dzina langa.

Tsopano chipata chitakonzedwa, anthu anayamba kufika m'mphindi zawo, n'kumalowa. Tinakhala pambali pa chipata ola lonse, kumamva kulira kwake kwa chisangalalo aliyense akadutsa. Roelie anatembenuzira nkhope kudzuwa, ndipo sanandifunsenso kuti lafika pati, chifukwa ankalimva yekha likuchoka pamasaya. Pa 5:15 linalowa, pa nthawi yake ndendende, kuseri kwa malo ogulitsira tchipisi.

5. Ndikuthokoza kuti tinakwera. Anthu asamanene kuti paki yanu sisunga malonjezo. Pa 5:40 chipata chinayaka kobiriwira, chinaimba kanyimbo, n'kulemba kuti: "Mwafika pa nthawi yake! Sangalalani!" Ndinamulowetsa Roelie m'kachipinda, n'kumufunditsa mawondo ndi jekete langa, ndipo tinanyamuka.

Pamwamba penipeni gudumu limaima mphindi ziwiri. Kunali zii, kamphepo kozizira kakulowera m'mphepete mwa chitseko. Roelie anagunditsa chipumi pagalasi, n'kukhala choncho kanthawi. Kenako anati, "Tandiuza, Lammert. Ukuona chiyani?"

Ndinkaona magetsi a poimika magalimoto, Bwana, aukhondo, m'mizere yowongoka. Ndinkaona malo omwetsera mafuta a pamsewu waukulu. Kumene kuli Oldewier ndi nyanja kunali bii, ngati munthu waphimba ndi bulangeti.

Ndinamuuza kuti nsanja ya tchalitchi ikuoneka bwinobwino, ndi tambala wachitsulo wa pansonga pake. Ndinati khoma lotchinga nyanja likuoneka lonse mpaka kokhota kuja, ndipo pali nkhosa.

"Zingati?"

"Khumi ndi ziwiri."

Ndinati nyanja yaphwa, matope akunyezimira, ndipo denga lofiira la nyumba ya bambo ake likuoneka kuseri kwa mitengo. Mawuwa atangotuluka ndinakumbukira kuti nyumbayo anaigwetsa zaka makumi awiri zapitazo, ine ndi iye titaima pamsewu tikuonerera. Iye anafufuza dzanja langa mumdimamo n'kuligwira.

"Zaka 49 sunandinamizepo, ndipo zikuoneka," anatero. "Sudziwa n'komwe kunama kwake. Pitiriza."

Ndinapitiriza. Ndinamuuza za njinga ya amayi ake itatsamira pampanda, za zovala zili pachingwe, za bwato la asodzi likubwerera. Ndinalira, Bwana, ine munthu wamkulu, ndipo mpaka lero mtima ukundipweteka. Mwamwayi kunali mdima ndipo mkazi wanga sanaone misozi, choncho pa ichinso ndikuthokozeni.

6. Pomaliza, ndikuthokoza chifukwa cha uthenga wanu. M'mawa mwake foni inalira, n'kundionetsa tinkhope tisanu, kuyambira kolira mpaka koseka, kuti ndisankhepo kamodzi. Sindinasankhe, chifukwa sindinapezepo kofanana ndi ine. Patapita milungu itatu munabwera uthenga wina, wosainidwa ndi udindo wanu, wopepesa chifukwa cha "kavuto kakang'ono ka nthawi" kamene alendo ena anakumana nako. Munati mumaona chimwemwe cha mlendo aliyense ngati chanu chomwe. Ndipo munatipatsa mphatso: chiphaso chaulere cha anthu awiri, Gudumu Lalikulu, tsiku lotsegulira paki mu Epulo, kuyambira 3:20 mpaka 3:35 masana.

Ndinamuwerengera Roelie uthengawo, chifukwa tsopano ndine ndimamuwerengera zonse. Uno ndi Disembala. Dzulo anathira khofi pambali pa kapu, ndipo tikakhala patebulo amandiyang'ana paphewa poyesa kuti ndi pankhope. Dokotala sananame, mwinanso anawonjezera masiku. Roelie atamva za mphatso yanu anati, "Anthu aulemu. Uwayankhe."

Ndiye ndikuyankha, Bwana, ndipo ndili ndi pempho limodzi lokha, laling'ono, loti munthu wa udindo wanu silingamulemere. Mphatso yanu tailandira ndi manja awiri, ndipo mu Epulo tidzabwera. Koma mpando wanga ndikuupereka kwa inu. Ine ndidzatsala pansi, ndidzagwira zikwama. Inu mudzamugwire mkono mkazi wanga, mudzamulowetse m'kachipinda, pali kasitepe pakhomo pake, mudzamuchenjeze. Mukadzafika pamwamba, dzuwa lili phwee monga limakhalira pa 3:20, mudzamuuze zimene zikuoneka. Mudzanene zoona zokhazokha, ndipo nkhosazo mudzawerenge bwino, chifukwa amafunsa. Ine ntchito imeneyi ndinaiyesa ndipo inandikanika.

Akadzamva zonse, adzakufunsani funso limodzi. Sadzakalipa, si khalidwe lake. Adzangofuna kudziwa chifukwa chake sanazione yekha, tsiku lija kunawala, iye ali pansi pa gudumu lopanda anthu, maso akadali nawo. Ine yankho lake ndilibe, ndalifunafuna chiyambire Okutobala. Inu mudzakhala ndi mphindi ziwiri zathunthu gudumu lisanayambe kutsika, ndipo kwa katswiri wa nthawi ngati inu, ndikukhulupirira kuti zidzakwana.

Ndine wanu wodzichepetsa, amene sadziwanso ngati wachedwa kapena wafulumira,

Lammert Brinkhuis,
mwamuna wa Roelie.